Agulugufe Olowa M'nyumba

Kereng Bangkirai
14 Seputembala 2019

Okondedwa achimwene Tundan,

Ndikhulupirira muli bwino ku Sabah'ko, ngakhale foni yanu imangoitana osayankhidwa. Ine kuno mtima uli m'mwamba, sindikukhazikika.

Ntchito ikadali yomwe ija ya m'nkhalango yotetezedwa. Timayenda pamatabwa m'dambomo, misundu ikutiyamwa, kupachika misampha ya nthochi zowola kuti agulugufe abwere, tiwawerenge n'kuwamasula. Koma chaka chino dambo lauma, moto ukunyeka kunsi kwa nthaka, utsi uli ponseponse. Dzulo m'misampha yonse tinapezamo kagulugufe kausiku kamodzi, kakufa kale.

Amayi mukuwadziwa: gulugufe akalowa m'nyumba ndiye kuti kukubwera mlendo. Chiyambireni chifuwa chawo chija, mlendo amene akumudikira ndinu basi. Ndiye ndinayamba kutengako nthochi za kuntchito n'kumazipaka mobisa pamwamba pa zenera. Gulugufe akalowa, amayi ankadzuka, kusamba, kudya mbale yonse. "Phika mpunga wambiri," ankatero, "mlongo wako amadya ngati njati."

Mkulu wathu kuntchito, a Jagau, atandipeza ndikutapa nthochizo anaseka. "Iwe Rusine, wayamba kutcheza kachasu kunyumba?" Nditafotokoza, kuseka kunatha, anandiwonjezera chitini china cha nthochi.

Tsopano utsiwu wathamangitsa agulugufe onse. Sabata ino sikunalowe ngakhale mmodzi, ndipo amayi sakudya. Lachiwiri ndinakwera pampando ndi chitini changa ndikuyesa agona, ndinangomva mawu a amayi kumbuyo.

"Tsika apo iwe, ugwa! Nthochi zakozo zinayamba kale kundinunkhira. Ukuyesa mphuno nayonso ikudwala?"

Ndinachita manyazi. Ndinawafunsa kuti nanga ankaphikitsiranji mpunga wambiri, chikhalirecho akudziwa.

"Gulugufeyo amadziwa kuti wanamizidwa?" anatero. "Akalowa walowa basi."

Achimwene, ndakwiya nanu, sindibisa. Agulugufe ndimatha kuwanyengerera, koma inu nyambo yanu sindikuidziwa. Za mphatso musavutike nazo, palibe akuzifuna kuno. Ingonyamukani ndi zovala zomwe muli nazozo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti ndikuuzeni kuti ali bwino, musade nkhawa. Ndakuuzani monga anandituma. Koma mawu ochepawo anawanena mopumira, ine nditawagwirizira msana.

Ndine mlongo wanu,
Rusine