Nkhuku Yomwe Tinaphera Bibi Marselina

Mbamba Bay, 1956

Achimwene Efraimu,

Kaya muli bwanji kumigodiko? Kuno tilipo.

Lachiwiri kunabwera Bibi Marselina, oyendera ana m'makomo. Akapeza mwana wofooka, amamulembera mkaka waufa. Amayi, poopa manyazi, anawaphera nkhuku yathu yomaliza. Mwana wanu Felesita tinamupititsa kuseri, poti mwana sakhala pomwe mlendo akudya.

Atasamba m'manja, Bibi anaseka. "Khomo lodya nkhuku pakati pa sabata lilibe njala. Nanga mwana ali bwanji?"

"Akusewera," anatero amayi. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Bibi sanamulembere mkaka Felesita. Akuti adzabweranso mvula ikatha.

Felesita akupereka moni. Masiku ano sakuthamanga, mapazi ayamba kutupa. Ngati kuntchitoko angakuloleni, musadikire Khirisimasi.

Ndine mlongo wanu,
Theodora