Matimati a Malemu Bambo

Lachiwiri, 14 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwaona zimene ndalemba kunja kwa envulopu, zoti muitsegulire m'nyumba mopanda mphepo. Chifukwa chake muchimva kumapeto, koma chonde musadumphe. Paja inu nomwe mumati mzere saupalira kuyambira pakati.

Ife kuno tili bwino. Chifuwa cha akamwini anu chija chinatha, ndipo ntchito yanga yosoka ikuyenda pang'onopang'ono. Nanga bondo lanu likupeza bwanji? Uthenga wanu achimwene anandipatsira, woti denga linadonthera pa chitini cha mbewu ndipo mbewu ya matimati a bambo yonse inachita chuku. Akuti mukufuna ndikutumizireni ya kuno, popeza anga akubereka bwino monga munaonera pa chithunzi chija. Patha masabata atatu ndisanakuyankheni. Foni yanga sinawonongeke ayi monga ndinawauzira achimwene. Chandigwira pakamwa ndi manyazi, Amayi, ndipo ndalemba kalata chifukwa mawu anga sakanatha kutuluka inu mukumvetsera.

Mukukumbuka tsiku limene ndinkanyamuka kwanuko, pamene munandigawira theka la mbewuyo mutaikulunga m'kapepala ka nyuzi? Munati, "Mbewu iyi bambo ako anaisunga zaka makumi awiri, chaka ndi chaka akusankha chipatso chachikulu. Usadzafese yonse nthawi imodzi. Ndipo manyowa a nkhuku ndi moto, aziyamba awola." Ine ndinangoti, "Ndamva, Amayi," maso ali kumsewu kuyang'ana basi.

Pakhomo pomwe tikuchita lendi pano palibe dothi, bwalo lonse ndi simenti. Aphunzitsi a nyumba yoyandikana nafe amalima m'bedi la matabwa, ngati bokosi lalikulu lopanda chivundikiro, ndipo masamba awo amachita kukodola munthu. Ine mtima unandiwawa kuti munthu wa choko andipose ine wobadwira m'dimba. Ndinakafunsa mtengo wa bokosi lopangapanga kusitolo, ndipo atanditchulira ndinanamizira kuti ndimangodutsa. Ndiye ndinagwirizana ndi kalipentala wa pakona. Ine ndinasokera ana ake mayunifolomu awiri, iye nandikhomera bokosi la matabwa otsala, lotalika mapazi asanu ndi limodzi, msinkhu wake wofika m'bondo. Pansi ndinayala timiyala ndi makatoni kuti madzi azitsika bwino. Mpaka pamenepa, Amayi, mukanandinyadira.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti bokosi limadya dothi. Linkafuna mawilibala asanu ndi atatu, pamene ndalama zanga zinakwana atatu okha. Nditathira atatuwo, dothi linangobisala pansi ngati shuga wotsalira m'kapu. Kuseri kwathu kuli mkulu wina woweta nkhuku, ndipo ndinamva kuti zitosi amangopereka ulere. Ndinabwereka wilibala n'kupita.

Iye anati, "Mayi, manyowa awatu ndakokola lero lomwe m'khola. Kawaunjikeni pakona miyezi iwiri kapena itatu, muziwathirira madzi. Mukathira chonchi muwotcha mbewu."

Ine ndinati, "Achimwene, inetu ndine mwana wa mlimi. Khasu ndinaligwira inu musanamere mano."

Anangoseka nati, "Chabwino, mwana wa mlimi, tengani."

Ndinatuta mawilibala asanu, ndinasakaniza ndi dothi lija, bokosi n'kudzaza mpaka pakamwa. Ndinkadziona wochenjera kuposa anthu onse ogula dothi.

Mbewu ndinali nditafesa kale m'beseni lobooka. Ndinafesa yonse, Amayi. Ndinkafuna bedi langa lichite kusefukira kuti aphunzitsi aja adziwe. Zinamera bwino zedi, tsinde lonenepa, laubweya, fungo lake lija la m'manja mwa bambo akamachokera kudimba. Tsiku lowokera aphunzitsi anaima pa mpanda nati, "Anzathu, mbande zokongolazi mwazitenga kuti? Tandigawireniko ziwiri zokha." Pano ndiye pondiwawa kwambiri. Ndinawayankha kuti, "Iyi ndi mbewu ya kwathu, sitigawa." Ndinawokera zonse mothinana, osasiyako ngakhale imodzi. Bambo ankagawira aliyense wodutsa pa dimba, ine mwana wawo ndinamana mbande ziwiri. Ndikanapereka, lero bwenzi matimati a bambo akupsa kuseri kwa mpanda wanga.

Tsiku lachitatu mbande zinayamba kuzyolika. Ndinati mwina n'kuwokera chabe, zidzuka. Tsiku lachisanu masamba anapserera m'mphepete. Nditapisa dzanja m'dothi ndinapeza mukutentha ngati phulusa la pamoto, ndipo fungo lake linkalasa m'maso. Ndinathirira m'mawa, masana ndi madzulo, ndinaika mthunzi wa nsalu zotsala, koma pofika sabata zonse zinali zitagona pansi. Akamwini anu anati, "Mwina ndi dzuwa, mayi," ndipo ndinawakalipira chifukwa chondikomera mtima.

Achimwene atandiimbira kuti Amayi akufunsa za matimati, ndinadikira aphunzitsi apite kusukulu, ndinakweza foni pamwamba pa mpanda n'kujambula bedi lawo, chithunzicho n'kutumizira achimwene. Chithunzi chimene munaonetsa anzanu onse chija, n'kumati mwana wanga watengera dzanja la bambo ake, ndi matimati a mbewu ya m'sitolo a munthu amene ndinamumana. Ndinkati palibe choopsa, poti mbewu ina ili kwa Amayi, ndidzapempha mwakachetechete chaka chamawa. Sindinadziwe kuti denga lidzadontha. Paja amati manyazi anapha lambe, ine andinamiza mpaka ndanamiza mayi wondibereka.

Dzulo, ndikufunafuna singano mu dirowa ya makina, ndinapeza kapepala ka nyuzi kaja katapindika kukona. Ndinkati ndikataye, koma chala chinamva timatuza. Njere zinayi zinali zitakakamira pa pepalalo, monga zimachitira mbewu ikaumira pomwepo. Ndinakhala pansi pa simenti n'kulira, kasitomala akudikira diresi lake pakhomo.

Ndadula pepalalo pakati ndi sizasi. Njere ziwiri zili m'kalata muno, ndazisokera m'kansalu koyera kuti zisagwe. Ziwiri zatsala kuno. Sindikudziwa ngati zimera, ndipo sindilonjezanso kanthu. Lero m'mawa ndinapita kwa mkulu wa nkhuku uja, mutu uli pansi, kukamupempha adzaone bedi. Anapisa dzanja mpaka m'chigongono, ananunkhiza dothi nati, "Tsopano lazizira, mwana wa mlimi." Sanaseke, ndipo zinandipweteka kuposa akanaseka. Aphunzitsi nawo ndawauza zonse, za chithunzi zomwe. Iwo anati ngati zimera zonse ziwiri, imodzi adzaisamala iwo m'bedi mwawo. Ndavomera msangamsanga.

Koma sindifesa mpaka mutandiyankha. Mundiuze kuya kwake, mthunzi wake, madzi ake, zonse zimene ndinkati ndimazidziwa. Ngati mukuona kuti nazonso ziwirizi zibwere kwanuko, nenani, ndidzatumiza osawiringula.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, ndipo muwauze achimwene afufute chithunzi chija. Anzanu aja muwauze zoona ngati mungathe, kapena mundisiyire ndidzawauze ndekha ndikabwera. Bondolo muziliotcha ndi kansalu ka madzi ofunda. Akamwini anu akuti abwera ndi lata limodzi mwezi wamawa adzakonze pamene pakudonthapo. Kansaluko mumasule ulusi pang'onopang'ono, Amayi. Njere zinayizi ndizo zokha zatsala za m'manja mwa bambo.

Ndine mwana wanu,
uja anati "Ndamva" asanamve.