Chala cha a Mawaya

Lolemba, 3 Novembala

A Mawaya sanabwere ku ntchito. Ndimayesa ndi minibasi, mpaka mlonda atandiuza pageti. Akuti anagwa dzulo akutuluka m'tchalitchi. Sitiroko. Ali m'chipatala, sakuyankhula.

Tsiku lonse maso anga ali patebulo pawo. Kapu yawo ili pomwepo, tiyi wa Loweruka anaumira pansi. Munthu woti ndagwira naye ntchito mu laibulale muno chilowereni, tikukangana tsiku ndi tsiku za fani, iwo akufuna iyake, ine chimfine. Dzina la Mawayalo ndinawapatsa ndine, chifukwa ukawafuna umawapeza pansi pa tebulo akulimbana ndi mawaya, miyendo yokha ikuoneka.

Ndiye masana, ngati zimenezo n'zochepa, pakompyuta ya pakauntala patuluka uthenga wofiira. Mgwirizano wathu ndi kampani ya mabuku a pa intaneti ukutha Lachisanu. Mabuku a zachipatala, a zamalamulo, magazini a anthu ofufuza, zonse zimene anthu amadzazira chipinda cha makompyuta chija. Malipiro anapita kale, abwana atero. Changotsala n'choti woyang'anira akaunti alowe, adine kuti tikupitiriza.

Woyang'anira akaunti ndi a M., a Mawaya omwewo. Iwo okha.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndayesa mapasiwedi onse amene anabwera m'mutu. Timu yawo ya mpira, dzina la mwana wawo, chaka chobadwa. Mapeto ake kompyuta yandiuza kuti ndiyambe ndapuma, ngati mwana wosamva.

Ndadina pamene pamati waiwala pasiwedi. Yati yatumiza manambala achinsinsi ku foni. Foni ya a M. Ndalembera kampani imelo, yankho labwera pompopompo, la makina: zikomo, tidzakuyankhani. Ukaimba nambala yawo umangomvera nyimbo mpaka khutu kutentha.

Abwana: "Nanga vuto lili pati? Pitani kuchipatala mukatenge foniyo." Ananena akusaina mapepala, osadzutsa mutu. Ndati abwana, munthuyo sakuyankhula. Akuti, "Foni ndiye ikuyankhula."

Ndinawauza kangati a M. kuti tiikepo munthu wachiwiri pa akauntiyi? Yankho lawo limodzimodzi: "Ndiye ine ndizidya chiyani, mayi?" n'kuseka chikhakhali. Nanenso ndinkaseka.

Lachitatu, 5 Novembala

Ndinapita masana, nthawi yoonera odwala. Ndinagula nthochi panja pachipatala.

Sindinawazindikire msanga. Kamwa yapindikira mbali imodzi, dzanja lamanja lili pabulangete ngati la munthu wina amene analiiwala. Atandiona maso anatseguka. Anayesa kunena kanthu, nkhope yonse ikugwira ntchito, koma chinatuluka ndi "eya." Kenako "eya, eya." Akazi awo akuti mawu amene atsala ndi omwewo. Akafuna madzi, eya. Akakana mankhwala, eya.

Akazi awo ndinangowaonapo kamodzi, paukwati wina. Mayi wamfupi, wofatsa, maso ofiira ndi kusagona. Anandipatsa mpando wawo, iwo n'kukhala m'mphepete mwa bedi. "Mwa anthu onse a kuntchito kwawo, ndinu nokha mwabwera. Mulungu akudalitseni, achemwali."

Foni inali pakatebulo, pambali pa botolo la madzi. Ndinaiona bwinobwino. Ndinawafotokozera a M. za fani, kuti tsopano ndaizimitsa ndipo palibe wondiletsa. Theka la nkhope linaseka.

Ndabwerako osafunsa.

Lachinayi, 6 Novembala

Abwana anandiitana m'mawa. Nditawauza anavula magalasi. "Ndiye munapita kukacheza?" Akuti mgwirizano ukatha osaupitiriza, kuyambiranso ndi nkhani ya miyezi, ndipo akuluakulu adzafunsa iwo, iwo adzafunsa ine.

Potuluka ndinakumana ndi anamwino a juzi yofiira, amene amabwera akaweruka usiku n'kukhala pakompyuta ya pakona mpaka kusinza. Mayeso awo a uzamba ndi mwezi uno. Anaona uthenga wofiira uja. "Mayi, chimenechi chikutanthauza kuti chiyani? Bukhu langa silichoka eti?" Ndati tikukonza.

Ndiye masana ndinabwereranso kuchipatala.

Ndinawaitanira akazi a a M. pakhonde. Ndinayamba kutali, za anthu olemba mayeso, za kampani. Amangogwedeza mutu. Nditatchula foni anasiya kugwedeza.

"Oho. Ndiye dzulo lija munabwerera foni."

Ndati ayi, mayi, ndinabwera kudzawaona. Sanakweze mawu, bola akanakweza. Akuti foniyo ngakhale iwo sangaitsegule, imatseguka ndi chala cha bambo. Chala chachikulu cha kumanja.

"Mukufuna nditenge dzanja lakufalo ndidinde pafoni ngati chidindo cha muofesi? Akundiyang'ana?"

Analowa n'kukoka katani ya pabedi.

Mu minibasi ndinapitirira siteji yanga.

Lachisanu, 7 Novembala

Zazima.

Makompyuta akuyaka, intaneti ilipo, koma ukadina bukhu lililonse pakutuluka kachithunzi ka loko. Ndakhala ndikubwereza mawu amodzimodzi pakauntala mpaka kukamwa kuuma: pepani, tikukonza. Bambo wina wophunzira zamalamulo anati, "Boma likasintha mudzakhala mukukonzabe." Anthu anaseka. Ine ayi.

Anamwino aja sanadandaule. Anafunsa ngati tili ndi bukhu lomwelo la pepala. Tili nalo, lakalekale, chikuto chomata ndi tepi, masamba a pakati anthu anang'amba. Analitenga n'kukakhala nalo pakompyuta yawo ya pakona yomwe ija, chizolowezi. Nthawi ndi nthawi amadina kuona ngati loko wachoka.

Loweruka, 8 Novembala

Bambo a ana akuti ndisiye kudzizunza, si ine ndinagwetsa munthu. Akuti, "Ukanangopempha foniyo kuti uone nthawi, n'kuthawa nayo." Amafuna ndiseke. Ndinawakalipira za nsapato zimene anasiya pakhomo. Pepani bambo, si za nsapato.

Lamulungu, 9 Novembala

Ndapsereza mpunga. Mutu.

Lolemba, 10 Novembala

Kampani yayankha, munthu weniweni tsopano. Akuti akauntiyo aisunga kanthawi pang'ono, woyang'anira akalowa zonse zibwerera. Koma kusintha woyang'anira iye mwini palibe, pakufunika zikalata za akuluakulu, zidindo, ndi kudikira. Kudikira mpaka liti sananene.

Abwana ayamba kale zikalatazo. Aikapo dzina langa osandifunsa. Anawonjezera, ngati akunena za nyengo, kuti tiyambenso kuganiza za munthu wina wa makompyuta, "poti matenda awa sadziwika."

Ndili kuchimbudzi ndinamva amayi okolopa akuuza mlonda pawindo: "Munthu sanafe, mpando akuulimbirana kale." Nditatuluka anandipatsa moni wokoma kwambiri.

Sindikuufuna mpandowo. Ine za mawaya ndimadziwa chiyani? Ndikungofuna loko uja achoke, ndi a M. abwere ayatse fani yawo.

Lachiwiri, 11 Novembala

Ndikudinda mabuku, ndinangoona munthu waima pakauntala, chikwama chakukhwapa. Akazi a a M.

Akuti abwera kudzatenga magalasi owerengera a bambo, adokotala akufuna ayambe kuwaonetsa zithunzi ndi zilembo. Ndinawaperekeza kutebulo. Magalasi anali mu dilowa, pamodzi ndi masikuludiraiva ndi maswiti a chifuwa. Anatenga kapu ija, anaiyang'ana m'kati, anaibwezera.

Akuti aka n'koyamba kulowa muno. Zaka zonsezi amangomva "ku laibulale, ku laibulale." Anasuzumira m'chipinda cha makompyuta. Munali anthu ochepa. Anamwino a juzi yofiira anali atagona, tsaya pabukhu lakale lija.

"Amenewo ndiye a mayesowo?"

Ndati eya. Mawuwo atatuluka tonse tinayang'anizana. Ndinamva manyazi.

Tinakhala pabenchi ya panja. Anayankhula okha, ine sindinafunse. Akuti bambo alibe mapepala a sukulu ya makompyuta, anaphunzira okha, ndipo chaka chilichonse akamva kuti kwabwera achinyamata a madigiri sankagona. Kunyumba ankati, "Bola kiyi ali ndi ine, sangandichotse."

"Ndiye inu mukatenga kiyiyo, achemwali, atsala ndi chiyani? Pakamwa palibe, dzanja palibe. Ana ali pasukulu. Mundilonjeze kuti sawachotsa."

Ndikanatha kunama. Lilime linali litakonzeka kale. Koma ndinakumbuka nkhope ya abwana dzulo.

Ndati mayi, sindingalonjeze, si ine wolemba ntchito. Ndipo ndinawauza zoona: zikalata zapita kale, kiyiyo adzamutenga ndithu, ndi chala kapena popanda chala. Kusiyana kwake n'koti anthu awa adzakhala atalemba kale mayeso.

Kenako anaika magalasi m'chikwama n'kunyamuka. Sanatsanzike.

Mwina ndalakwitsa. Mwina ndawonongeratu.

Lachitatu, 12 Novembala

Palibe. Loko yemweyo. Abwana akundidutsa ngati khoma.

Lachinayi, 13 Novembala

Foni inalira m'mawa, nambala yachilendo. Mayi aja. "Ndawauza bambo zonse. Chiwauzireni akukana phala, akungoloza chitseko. Bwerani ndi kompyuta yanuyo."

Ndinanyamula laputopu ya kuntchito. Pachipata cha chipatala ndinagwetsa chaja.

Anali atawakhazika tsonga ndi mapilo, magalasi ali kumaso. Ndisanapereke n'komwe moni anamenya bedi ndi dzanja lamanzere: apa. Ndinaika laputopu pamiyendo pawo. Ndinadina zoiwala pasiwedi, foni inanjenjemera pakatebulo.

Akazi awo anaitenga n'kufuna kugwira dzanja lija. A M. anabangula "eya!" mpaka wodwala wa bedi linalo anatembenuka. Amakana. Anatambasula dzanja lamanzere, n'kugwira mkono wawo wamanja pamfundo, n'kuunyamula okha. Unali wolemera, umaoneka. Chala chinatsetsereka pagalasi. Anayesanso, chinatsetserekanso. Thukuta pamphumi, malovu akutsika kumbali ya kamwa. Mayi aja anagwira foni ndi manja awiri, nkhope atayang'ana kuwindo. Ine ndimafuna kunena kuti basi, zisiyeni. Sindinanene.

Kenako inatseguka.

Mayi anandiwerengera manambala. Ndinalowa, ndinaika pasiwedi yatsopano, ndinadina kupitiriza. Sikirini inasanduka yobiriwira. Kanthu kakang'ono chonchi!

Ndinati zikomo, n'kuyamba kutseka laputopu. A M. anaika dzanja pakati. Analoza pakona ya sikirini ndi chala chamanzere, chikugwedera. Sindinamve. Analozanso, mokwiya, momwe ankachitira ndikasokoneza pulinta. Ndinadina pamenepo. Panatuluka malo a oyang'anira akaunti, dzina lawo lokha pamwamba, pansi pake mzere wopanda kanthu.

Analoza mzerewo. Kenako analoza ine.

Ndinayang'ana akazi awo. Anati, "Lembani. Kodi simukumva akukuuzani?"

Ndinalemba dzina langa ndi nambala yanga pansi pa dzina lawo. A M. anawerenga, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atamaliza anavula magalasi n'kutembenukira kukhoma. Mapewa amagwedezeka. Sindinadziwe ngati ndiwagwire kapena ndichoke.

Mayi anandiperekeza mpaka pamasitepe. "Ndiye mwapeza chimene mumafuna," anatero. Sanali kunyoza, anali atangotopa. "Mudzabweranso?"

Ndati Loweruka. Anandiyang'ana ngati akuyeza mawuwo, n'kubwerera m'kati.

Lachisanu, 14 Novembala

Loko wachoka. Chipinda chadzaza, ena akudikira pakhomo. Anamwino aja anangokweza dzanja ali pakona pawo, maso osachotsa pasikirini. Abwana anati, "Mwaona? Sizinali zovuta." Anawonjezera kuti dzina la a M. ndilichotse pa akaunti, poti likhoza kusokoneza. Ndati ndamva. Sindinalichotse. Adzafunsanso, ndikudziwa.

Cha m'ma teni kompyuta ya pakati inakana kutsegula magazini. Bambo wa zamalamulo uja anabwera pakauntala. Ndinatsala pang'ono kunena kuti dikirani a Mawaya. Zokonzera zake zili pakompyuta ya patebulo pawo, ndiye ndinapita. Ndinayamba nditaimirira, chowerama, mpaka msana unawawa. Nditayesa kulowa mu akaunti, foni yanga inanjenjemera m'thumba. Manambala aja, kwa ine.

Ndinakhala pansi. Mpando wawo ndi wotsika kwambiri, chibwano changa chinatsala pang'ono kugunda tebulo. Amayi okolopa anali pakhomo ndi chidebe chawo, akundiyang'ana.

Ndinapapasa kachitsulo ka pansi pa mpando. Ndaukweza.