Anajambula Mlamu Wanga, Wopsa ndi Moto Ndili Ine

Aphungu,

Munthu amene anandilakwira ndi mlamu wanga, mlongo wawo wa mayi akunyumba, yemwe anthu amamutcha a Mpulumutsi. Dzina limenelo ndi langa. Iye anangolitola pamsewu, ndipo inamuthandiza kutola ndi nyuzipepala yanu yomweyi.

Ine ndinali kalipentala. Sukulu ndinangoilawa, koma bodza likalembedwa ndimatha kuliwerenga. Pafupi ndi shedi yanga panali shopu ya telala. Tsiku lina masana simbi yamakala inagwera pansalu, moto n'kubuka. Telala anathawa atasenza makina osokera, mwana wake wakhanda n'kumuiwala m'kachipinda kakumbuyo. Analowamo ndine. Anatuluka ndi mwanayo ndine. Mpaka lero miyendo yanga simeranso bweya.

Nditatuluka ndinapatsira khandalo munthu woyamba kumuona, mlamu wangayo, amene anangobwera kudzaonerera atatchena jekete. Ine ndinakanjuta kuseri kwa mgolo wamadzi pa chifukwa chimene sichikukhudzani. Posakhalitsa anatulukira mtolankhani wanu, mkulu wina wa pensulo pakhutu, ali ndi wojambula zithunzi. Sanafunse telala. Sanafunse amayi ogulitsa zipatso omwe anaona zonse. Analunjika kwa wa jekete. Ndinamva ndi makutu angawa akuti, "Bwana, simunachite mantha?" Mlamu anayamba watsokomola ngati wamwadi utsi, ndiye amvekere, "Mantha analipo, koma mwana ndi mwana."

Kutacha anali patsamba loyamba. Chithunzicho anachiika m'galasi, chili pabalaza pake pamwamba pa wailesi, ndipo amachipukuta kuposa mmene amapukutira nkhope yake. Ndinapita ku ofesi yanu kukadandaula, mlembi anati mkonzi ali pamsonkhano. Ndinapitanso, anali pamsonkhano. Ndikhulupirira msonkhanowo sunathebe.

Khanda lija pano ndi bambo wadazi. Chaka chilichonse amabweretsera mlamu bulangete, ndipo akandipeza kumeneko amandiuza kuti, "Agogo, muli ndi mwayi kukwatira kubanja la anthu olimba mtima." Ndikadandaula kunyumba, mayi amangoti, "Bambo, mufuna achimwene achite manyazi ndi imvi zija? Mulungu anaona." Zoona anaona, koma salemba m'nyuzipepala.

Adokotala akuti mtima wanga watopa. Sindifuna bulangete, sindifuna kupepesedwa. Ndifuna chinthu chimodzi: mulembe patsamba loyamba, ndi zilembo zazikulu ngati zomwe zija, kuti anatulutsa mwana m'moto ndi kalipentala. Muchite zimenezi maso anga akadaona, osati kudzandiwerengera pamanda.

D.W., kuseri kwa msika wa matabwa

Madala D.W.,

Pepani ndi miyendoyo. Ngati zinayendadi choncho, wa pensulo pakhutu uja anachimwa tchimo loyamba la ntchito yathu: anamva pakamwa pamodzi n'kuthamangira kukalemba. Anakhulupirira jekete. Nkhani imayenera kufunsidwa kwa anthu angapo amene sanapangane, ndipo chithunzi chimangosonyeza amene wanyamula mwana, osati amene anamutulutsa.

Koma musayambe kuvina. Tikasindikiza zanu lero chifukwa choti mwalemba mokwiya, ndiye kuti tabwereza tchimo lomwelo, tangosintha nkhalamba. Kalata yanu ndi pakamwa pamodzinso.

Ndiye ndinatsikira kuchipinda chosungira nyuzipepala zakale, ndinalimbana ndi mphemvu, ndipo tsamba lanulo ndinalipeza. Mlamu wanu alipodi. Tsitsi lopesa bwino, jekete lopanda ndi kadontho komwe ka mwaye. Munthu wochokera m'moto saoneka ngati akupita kukafunsira mbeta. Kenaka ndinayang'anitsitsa khandalo. Silinakulungidwe m'nsalu ya telala. Lakulungidwa m'buluku lonyowa, mwendo umodzi ukulendewera, ndipo m'thumba mwake mukusuzumira rula ya kalipentala. Mlamu wanu lake wavala. Madala, chifukwa chija mukuti sichikundikhudza chakhala chili patsamba loyamba zaka zonsezi, ndipo ife atolankhani, ndi masukulu athu onse, palibe anafunsa kuti mwini bulukulo ali kuti.

Chitani izi. Bwerani ku ofesi mufunse mkonzi woona madandaulo a owerenga. Ndamuuza kale, ndipo msonkhano uja ndautseka ndine. Mubwere ndi mboni zimene si abale anu: telala ngati akadali moyo, kapena mmodzi mwa amayi a zipatso aja. Ngati munakamangitsa mabalawo kuchipatala, kafunseni ngati kaundula wawo akadalipo. Mayi akunyumba asiyeni, musawaike pakati pa mwamuna ndi mlongo wawo.

Dziwaninso kuti mlamu wanu tikamufunsa mbali yake. Musakwiye. Mwayi umenewo ndi womwe anakumanani inu muli kuseri kwa mgolo, ndipo sitingakonze cholakwa pomana wina. Mwina atsokomolanso. Tidzamufunsa za buluku.

Za tsamba loyamba sindikulonjezani. Ife tikalakwa timakuwa, tikamakonza timanong'ona pakona ya tsamba lamkati. Ndi khalidwe loipa ndipo ndikuvomera. Komabe nkhani yanu ikatsimikizika ndidzailimbikira, chifukwa bambo wadazi uja ayenera kudziwa miyendo imene inapsa chifukwa cha iye.

Chenjezo langa ndi ili. Choonadi si thabwa loti mucheke mbali yomwe mwaikonda, yotsalayo n'kutaya. Umboni wanu wamphamvu ndi bulukulo, ndiye tikalemba kuti munapulumutsa mwana, tidzalembanso chimene munabisalira. Adzukulu anu adzawerenga, anzanu akumsika adzawerenga, ndipo dzina limene adzakupatseni mwina silidzakhala Mpulumutsi. Ine ndikuti bwerani ndithu. Munthu wovula buluku pamsewu masanasana kuti akulunge mwana wa mnzake alibe chochitira manyazi. Koma kambiranani kaye ndi mayi, ndipo pobwera kudzajambulitsa chithunzi chatsopano, ulendo uno muvale.

Aphungu