Anamzeze Pakhonde Panga

Lolemba, 6 Okutobala

Abwera. Ndimayeza mayi wina m'chiuno, tepi ili m'manja, ndangomva tswi-tswi pamwamba pa mutu. Kukweza maso, ndi iwo, anamzeze anga awiri aja. Ndinawalonjera mokweza kuti, "Mwayenda bwanji maneba?" Mayi uja anandiyang'ana ngati mutu wanga wayamba kusokonekera, koma diresi yake anasiya ndithu.

Vuto ndi lakuti chisa chawo palibe. A Makiyi, eni nyumba ino, anachigwetsa popenta khonde miyezi yozizira ija. Munthu ameneyu umayamba kumva makiyi ake akulira m'chiuno, kenako n'kumuona mwini wake. Tsiku limene ankapentalo ndinangokhala duu, poti pakhonde pano ndimachita lendi ngodya imodzi, yokwana makina osokera ndi mpando basi.

Ndinayamba kusoka pano tsitsi lili bii. Nthawi imeneyo kutsidya kwa msewu kunali dambo, bango lokhalokha, achule akuimba mpaka kusokoneza wailesi. Mbalamezi zinkangodumpha msewu, kutapa matope, kubwera kudzamanga. Lero kuli pomwetsera mafuta ndi mashedi a katundu, pansi simenti mpaka uko. Malole amene anakwirira dambolo anali a a Makiyi omwewa, chonsecho iwo anabadwira m'mphepete mwake.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Tsiku lonse maneba apamwamba angokhalira kuwoloka msewu. Akazungulira pamwamba pa mapampu a mafuta, abwerako kukamwa kulibe kanthu. Akhala pa waya wa magetsi, akambirana, abwereranso. Andimvetsa chisoni. Ngati munthu wopita kwawo n'kupeza pamene panali nyumba ya amake pali sitolo.

Chemwali wa mafoni, amene walowa kumene m'shopu ya pafupi ndi makina anga, akuti, "Ankolo, khosi lithyokatu limenelo." Kabati yake yagalasi amaitulutsa m'mawa n'kuiika pansi pa ngodya yeniyeni imene mbalame zimamangapo. Sindinamuuze.

Lachitatu, 8 Okutobala

Nzeru zandibwerera ndikutsuka mkamwa. Ngati matope kulibe, telala sangakande matope?

Ndazembetsa beseni lobiriwira la mayi akunyumba, lochapira lija. Ndinakumba dothi kuseri kwa mashopu, kuthira madzi, kukanda bwinobwino, kuliika kumapeto kwa khonde. Mpaka masana zii. Ndinayamba kudziseka ndekha. Kenako mmodzi anatera m'mphepete mwa beseni, kupendeka mutu, kujompha, ulendo kudenga. Mnzake pambuyo. Ndinasangalala mpaka kupalasa makina opanda nsalu.

Lachinayi, 9 Okutobala

Zipi ya thalauza la aphunzitsi ndaisokera kumbuyo chifukwa choyang'ana kudenga. Ndasomola, ndayambiranso.

Lachisanu, 10 Okutobala

Zavuta. Zitosi zagwera pa kabati ya chemwali, pamwamba penipeni pa foni ina yodula, kasitomala akuiloza ndi chala. Sindikumunena mwana wa eni, naye ali pa ntchito. Anaimba foni, ndipo pasanapite nthawi tinamva ngwe-ngwe-ngwe.

A Makiyi anayang'ana kudenga, anayang'ana beseni, anayang'ana ine.

"A Telala, ndinapenta khonde ili kuti pakhale paukhondo. Inu mukuitana mbalame ndi beseni?"

Ndinati bwana, mlendo ndi mame, akaswa ana azipita okha.

"Loweruka la sabata yamawa ndibwera ndi nsungwi. Ndikapeza chisa, ndigwetsa, ndipo inu mutsatira ndi makina anu. Alipo wowotcha tchipisi akulirira ngodya imeneyi."

Sanakalipe, n'chimene chandiopsa. Makasitomala anga onse amadziwa pano. Telala akasamuka amayambiranso ngati mwana wophunzira ntchito, ndipo msinkhu wanga uno si woyambiranso.

Loweruka, 11 Okutobala

Nsungwi siinafunike n'komwe. Ndafika m'mawa, chisa chili pamwamba pa makina anga, chaphwanyika ngati bisiketi. Chagwa chokha.

Madzulo ndinawafotokozera mayi akunyumba, ndipo pofotokozapo ndinadziulula za beseni. Anali atalisaka mpaka kwa aneba. Anaseka mpaka kugwira khoma.

"Ndiye beseni langa likugwira ntchito ya zomangamanga? Dothi mwalitenga kuti?"

Ndinati kuseri kwa mashopu.

"Abale inu. Limenelo si dothi, ndi mchenga ndi zidutswa za njerwa zimene anathira pokwirira. Munaona kuti mchenga ukumata? Inu dziwani singano basi."

Kenako anati ndithokoze, nkhani yadzithera yokha, ndibweze beseni ndisunge malo anga. Zoona zake n'zomwezo. Koma pamene ndimaweruka, maneba anali atayambiranso kumata mchenga womwewo pakhoma pomwepo.

Lamulungu, 12 Okutobala

Takangana pang'ono ndi mayi akunyumba tikusita zovala. Akuti, "Mukachotsedwa pakhondepo, tidya nthenga?" Ndinawakumbutsa chaka chimene msewu waukulu unadutsa pa nyumba yathu yoyamba, tikuyenda ndi matiresi pamutu, mwana kumsana, kugogoda m'makomo mwa anthu. Ndinati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma ifetu chinationa kale. Anasita kolala imodzi nthawi yaitali.

Tikudya, osandiyang'ana n'komwe, anati, "Kuseri kwa pomwetsera mafuta akukumba ngalande. Dzulo ndinaona afika pa dothi lakuda." Anawonjezera kuti iwo sananene kanthu, ndipo ndikachotsedwa ndisawatchule.

Mkazi ameneyu ndinasankha bwino, kungoti ndikamuuza adzakula mtima.

Lolemba, 13 Okutobala

Ndinalawirira ndi ndowa. Ngalandeyo ndi yakuya kupitirira munthu, ndipo m'mbali mwake ukuona zonse bwinobwino. Pamwamba simenti, kenako njerwa zoswekasweka, mabotolo, nsapato ya munthu, mchenga. Pansi penipeni ndiye makande akuda bii, onyowa, muli tizigoba ta nkhono ndi mizu ya bango. Dambo lija lilipo ndithu, angoligoneka pansi. Fungo lake linandifika ndisanatsike.

Mkulu wa okumbawo anafunsa ngati ndikufuna kuumba miphika. Nditati ndi za mbalame, anaitana anzake kuti adzamve okha. Anaseka, komabe anandidzazira ndowa, wina n'kundisenzetsa. Akuti Lachinayi aika mapaipi n'kukwirira, ndiye ngati mbalame zanga zili ndi mapulani a nyumba yosanja ndifulumire.

Ndinawoloka msewu ndowa ili pamutu, madzi akuda akutsikira m'khosi la shati yoyera. Woyendetsa minibasi wina anaimba hutala n'kukuwa kuti, "Madala, mwasiya utelala?"

Maneba sanachedwe. Dothi ili akulidziwa. Amatapa chibulumwa chachikulu mpaka ndimaopa kuti agwa nacho.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Za zitosi nazo ndaziganizira. Mwana akamaipitsira anthu suthamangitsa mwana, umamuveka thewera.

Ndinali ndi chidutswa cha tenti chotsala pa ntchito ina. Ndachidula, ndapinda m'mbali, ndalowetsa waya, ndasoka timakutu tiwiri, ndachikoleka pa misomali pansi pa chisa. Chikuoneka bwino, ndaikamo ndi mpendero wofiira, poti ntchito yanga siituluka yosamaliza.

Chemwali wa mafoni anatuluka ndili pampando, nyundo kukamwa. "Ankolo, chimenecho n'chiyani?" Ndinati thewera. Anakhala pansi pa sitepe ndi kuseka, misozi mbwe. Analijambula, akuti atumizira amake. Tsiku lonse kabati yake yakhala yoyera, ndipo masana anandigulira fanta.

Koma pomwe ndimamwa anati, "Ine ndilibenso nazo vuto. Kungoti ndinawaimbira a Makiyi kuti basi zatha, akuti iwo akalankhula sabweza." Anaoneka wamanyazi. Ndinamuuza kuti asadandaule, mlandu si wake.

Lachitatu, 15 Okutobala

Chisa chafika ngati theka la kapu. Ndachigogoda ndi chala eni ake atachoka, chalimba gwa. Mayunifomu asukulu atatu, diresi ya ukwati yofuna kukulitsa m'chiuno. Mkwatibwi akuti wanenepa ndi chimwemwe.

Lachinayi, 16 Okutobala

Mayi akunyumba anandiperekeza, akuti akupita kumsika, koma ananyamula ndowa yachiwiri ndipo msika uli mbali ina. Tinatapa komaliza mapaipi ali kale m'mphepete. Iwo anasenza osataya ndi dontho lomwe, n'kumandinena njira yonse kuti ndimayenda ngati bakha.

Pofika masana chigalimoto chokankha dothi chinali chitakwirira zonse. Ndinaimirira kuyang'ana mpaka chinamaliza. Dambo lonse lija, limene tinkati silingathe, latsala m'ndowa ziwiri kuseri kwa mpando wanga. Ndavundikira ndi chiguduli chonyowa kuti lisaume.

Lachisanu, 17 Okutobala

Mawa.

Ndinapita kukaona malo ena, pansi pa masitepe a nyumba yosanja ija pafupi ndi siteji. Mdima, fungo la mkodzo, singano sungaione. Ndinabwerako nditakhumudwa. Ndikuchita mantha, ndisaname.

Ndikanatha kukwera pampando ndekha, kugwetsa chisa, kutaya beseni, a Makiyi n'kupeza khoma loyera. Ndinakweradi. Mmodzi anali m'kati, akuyala tinthenga, kamutu kokha kali kunja. Anandiyang'ana osathawa. Ndinangokonza thewera limene linapendekeka n'kutsika.

Ndathira mafuta m'makina, ndalongedza ulusi m'katoni, ndauza aphunzitsi kuti akapanda kundipeza afunse kwa chemwali. Mayi akunyumba andisitira shati yabwino ija. Akuti ngati n'kuchotsedwa, ndichotsedwe ndikuoneka ngati munthu.

Loweruka, 18 Okutobala

Ngwe-ngwe-ngwe cha m'mawa ndithu, chemwali asanamalize kupukuta kabati. Nsungwi ili paphewa, yaitali kuposa khonde. Anavala suti, akuti akupita ku msonkhano.

Ndinaimirira. Ndinali nditakonza mawu ambiri, onse anathawa. Ndinangoti mwadzuka bwanji bwana.

Anayang'ana chisa. Anayang'ana thewera nthawi yaitali, mlomo ukufuna kuseka, koma anaugwira. "A Telala, ndinanena chiyani ine?" Anapita kumapeto kwa khonde kuti akankhe beseni ndi phazi. Phazi linaima m'malere. Anawerama, kununkhiza.

"Dothi ili mwalitenga kuti?"

Ndinawauza za ngalande, ndi kuti anakwirira dzana.

Anatsamiritsa nsungwi kukhoma. Ananjuta pansi ndi suti yawoyo, makiyi akukhudza simenti, n'kutapa chibulumwa. Anachikanda m'manja, kuchinunkhizanso. Chemwali anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga.

"Kumunsi kwa bango kunali kachitsime," anatero, osayang'ana aliyense. "Timatapa pamenepo ine ndi achimwene anga, malemu. Amayi amatikwapula chifukwa cha makabudula."

Zala zawo zinkangoyenda zokha. Miyendo inayi, khosi, nyanga. Anapempha singano, ndinawapatsa, anaboola maso. "Ng'ombe ya achimwene inkakhala ndi linunda lalikulu kuposa yanga, ndiye ndinkalira." Anatapanso dothi pang'ono n'kuwonjezera linunda, lalikulu ndithu. Anaiimika m'mphepete mwa khonde ng'ombe ija n'kuiyang'ana.

Foni yawo inalira. Anaitulutsa ndi manja akudawo, thumba la jekete lonse matope. Anati akubwera, anyamuka kale. Anafunsa ngati dothi latsala. Ndinavundukula chiguduli, anaona ndowa ziwiri zija. Anagwedeza mutu.

Atafika pagalimoto anatembenuka. "Thewera limenelo muzichapa, a Telala. Lisamanunkhe pakhonde panga."

Nsungwi aiiwala. Ndayanikapo diresi ya mkwatibwi, ikukwana bwino. Ulusi ndatulutsa m'katoni.

Pano ndikulemba, mmodzi wa maneba watera pamsana pa ng'ombe ya a Makiyi. Dothi lake likadali lofewa. Wajompha linunda lija, wapita nalo kudenga.