Masipika a Atate

Okondedwa alongo anga a Fabiano,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Kitwe. Kuno kwa Mphuka tili bwino, koma atate chibwerereni kuchipatala ku Katondwe sanalankhulebe. Ndinangoona kuti ndikaika nyimbo za kwaya pa foni, milomo yawo imagwedezeka. Vuto ndi loti foni imalira ngati udzudzu, ndipo makutu awo mukuwadziwa.

Lachiwiri nditagulitsa nsomba ndinapita ku Boma kukafuna masipika opanda waya. Wogulitsa anandionetsa sipika yaikulu yogunda mpaka m'chifuwa. Ndinati, "Iyayi bambo, ine sindikutsegula bala. Ndikufuna omveketsa bwino mawu a anthu." Ndinayesa onse ndi nyimbo imodzimodzi mpaka munthuyo anatopa nane, ndipo ndinasankha awiri aang'ono.

Kunyumba ndinayamba ndawaika pansi pakona, koma ankangolindima. Amayi anati, "Leka mwanawe, ukuwatopetsa atate ako." Sindinaleke. Masipikawo ndinawasuntha kuwachotsa kukhoma, n'kuwakweza pamipando, ina kumanja ina kumanzere, molingana ndi makutu a atate. Itayamba nyimbo ya Pasaka imene ankatsogolera kutchalitchi, anatsinzina, kenako anayimba mzere wonse ndi besi yawo ija. Amayi anangokhala pansi n'kuyamba kulira.

Chonde mujambule mawu anu mukuyimba ndi ana, munditumizire pa foni. Ine ndiziwaikira m'mawa uliwonse mpaka tsiku limene adzanditchule dzina.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Tereza