Kutalikitsa Abiti Dzimbiri

Loweruka, 2 Novembala

Sindinakwere phiri lero.

Ndadzuka m'mamawa ngati Loweruka lililonse. Madzi mu rediyeta, oyilo, kupopa tayala lakumbuyo lija limaphwa lokha ngati munthu wa nkhawa. Kupukuta mpando wakutsogolo, mbali ya Munira. Kufika ku Chikanda, makireti ake palibe pakhonde. Mayi ake ali: "Wanyamuka kale, bambo, ndi Hamza wa ku Joni uja."

Uja. Ngati ndimamudziwa.

Ndakwera naye kangati phiri limeneli? Iye kugula sitiroberi kwa alimi akumtunda, ine kunyamula. Jamu yense amene ophunzira a ku Chirunga amanyambita ndi zala anatsika phiri pamsana pa pikapu yanga. Ngakhale dzina la galimotoyi anatcha ndi iyeyo: Abiti Dzimbiri. Lero wakwera ya eni, osatsanzika.

Mafuta amene ndinaimira pamzere dzulo lonse apsa pachabe. Sindinakwiye. Ndikungolemba kuti mbiri isasowe.

Lolemba, 4 Novembala

Ndaiona galimoto ya Hamza, pafupi ndi msika. Yoyera ngati mano a munthu wotsatsa mankhwala otsukira m'kamwa. Matayala ofika m'chiuno. Winchi kutsogolo. Magetsi padenga okwanira bwalo la mpira. Pambali chitoliro chopumira, chonga chitamba cha njovu, ati ikalowa m'madzi akuya isamire. Madzi akuya ake ati? Likangala mwezi uno ngakhale nkhuku iwoloka.

Ndinaizungulira pang'ono. Kafukufuku chabe. Mphunzitsi wa mbiri yakale, wa digiri yake, sasirira chitsulo.

Kenako Munira kutuluka m'sitolo ndi mabotolo. Mwini galimoto kutulutsa mutu pawindo: "Akazi anga, fulumirani!" Munira kuseka mpaka kupindika. "Iwe, choka apa!"

Akazi anga. Iwe. Ine mpaka lero ndine "a Idi", ngati kalaliki wa ku khonsolo.

Ndinabisala kuseri kwa thumba la makala. Ine ndi digiri yomwe.

Lachitatu, 6 Novembala

Ku galaja kwa Che Latif, amjomba anga, makaniko wanga, mtanda wanga. Ndawauza kuti ndikufuna Abiti Dzimbiri atalike kuposa ya ku Joni ija. Sanafunse chifukwa. Zomba ndi yaing'ono.

Zatsopano ayi, malipiro a mphunzitsi amathera panjira asanafike kunyumba. Tapita kwa Malemu, pikapu ya mtundu wa yanga yomwe inafera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa galaja. Aliyense mu Zomba muno anagawanako chuma cha masiyechi: wina chitseko, wina giya, wina galasi. Masipuling'i okha ndiwo atsala. Tiwamasula, tisanjikiza pa anga, galimoto ikwera. Matayala a kaunjika alipo anayi, ochokera pa kalole ka nkhuni. Atatu ndi apachibale, linalo ndi mlendo.

Che Latif ali pansi pa Malemu ndi sipanala: "Titalikitsa, mphwanga. Koma iweyo ukhalabe wamfupi."

Anthu oterewa ndiye abale anga.

Loweruka, 9 Novembala

Abiti Dzimbiri ali pa miyala, opanda nsapato. Tsiku lonse kugogoda mabawuti a dzimbiri. Chala chachikulu chakuda bii.

Ndili chigonere pansi pa galimoto ndinaona matayala oyera aja akudutsa, kulowera kuphiri. Hutala kawiri. Ndani anamupempha moni?

Chitamba nanenso ndapanga. Paipi ya pulasitiki ya kuhadiweya, kachigongono ka mapulambala pamwamba, penti wakuda. Patali sungasiyanitse. Patali kwambiri. Wakabaza wina waima, wayang'anitsitsa: "Bigi, mwaikamo chimbudzi?"

Nsanje basi. Anthu a mu Zomba safuna mnzawo atukuke.

Lachiwiri, 12 Novembala

Uthenga wa Munira pafoni, nthawi ya buleki kusukulu. "A Idi mwasowatu. Msuweni wangayu akuopa kukanda galimoto yake, amaima patala ine n'kumayenda ndi makireti. Loweruka mulipo?"

Msuweni! Hamza ndi mwana wa amjomba ake. Zonse zija za akazi anga n'zachisuweni basi, nthabwala yomwe aliyense amachita ndi mwana wa amalume ake. Ndinalowa m'kalasi ndikumwetulira, ndinakhululukira onse osalemba homuweki. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndinaiphunzitsa ngati chikondwerero.

Madzulo, ndikuthira madzi mu batire, mutu unayamba kugwira ntchito.

Agogo anga aamuna ndi agogo anga aakazi anali pachisuweni. Alongo ake a Che Latif, chimodzimodzi. Theka la mudzi wathu linabadwa ndi nthabwala imeneyi. Amayamba n'kuseka, amathera kwa shehe.

Nthabwala yamtundu wanji yobala ana? Boma lilowererepo.

Loweruka, 16 Novembala

Tsiku la manyazi. Ndilemba kuti ndisadzaiwale, ngakhale Chikanda yonse indikumbutsa.

Abiti Dzimbiri atalika zoona. Ndinalowa nawo mu Chikanda ngati ndakwera ngamila, ndikuona madenga a anthu ndi nsapato zakale zoponyedwa pamwamba. Kuima pakhomo. Munira kutuluka, diresi lofika ku akakolo, mpango wobiriwira. Kutsegula chitseko. Mpando uli pa chifuwa pake.

Izi sindinaziganize. Ndinaganiza za matope, miyala, Hamza. Za mwendo wa munthu wovala diresi lalitali, ayi.

Anayesa. Anakweza phazi, n'kulibweza. Azimayi a pa mpopi anasiya ndowa zikusefukira. Ndinaika kireti pansi kuti apondepo, kireti n'kuthyoka. Kumunyamula sindingathe, ndine ndani wake? Mayi ake ali pakhonde akuonerera.

"A Idi, mukufuna ndikwere ngati ndikuba mango?"

Posakhalitsa ya ku Joni inatulukira. Ili ndi sitepe yake, yonyezimira, yopangidwa ndi anthu amene anaonapo mkazi. Munira anakwera ngati akulowa mu ofesi. "Makireti akwere kwa inu, kuno angadetse."

Ndakwera phiri lero. Pambuyo pawo, ndikudya fumbi lawo, makireti opanda kanthu akugubuduka kumbuyo. Pampando wakutsogolo panali jeki.

Pobwera, pa damu la Mulunguzi, Hamza anaima kudzandipatsa moni. Dzanja lofewa, fungo la perefyumu. "Achimwene, galimoto yanu ili ndi mtima." Mawu amene amauza munthu wosauka. Choipitsitsa n'chakuti ndi munthu wabwino. Bwenzi atakhala wamwano, ndikanagona bwino.

Lachitatu, 20 Novembala

Mvula yoyamba. Denga la Abiti likudontha pa bondo langa lamanja, monga chaka chilichonse.

Sitepe yatheka. Zitsulo za bedi lakale, Che Latif awotcherera pansi pa chitseko. Masitepe awiri, ndi chogwirira. Ndakulungapo mphira wa chubu kuti isaterere. Ndayesa ndekha nditamanga chitenje cha aneba m'chiuno. Imagwira ntchito. Aneba sakundilankhula.

Bedi ndilibe tsopano. Matiresi pansi. Madokotala amati n'zabwino ku msana.

Ndamutumizira Munira chithunzi cha sitepe. Wayankha ndi kankhope koseka. Kamodzi kokha. Hamza amamutumizira tingati?

Lamulungu, 24 Novembala

Dzulo sindikanatha kulemba.

Anakwera. Sitepe yoyamba, yachiwiri, pampando. Anati, "Kunotu kumwamba kuli mphepo ina." Mtima wanga unalira kuposa injini. Tinakwera bwinobwino, makona onse, nkhungu ili m'mapaini, mavenda akutithamangira ndi mbale za zipatso. Ndinakonzeka kulankhula. Mawu ndinawasanja sabata yonse. Pa kona iliyonse ndimati ndiyamba pa kona inayo. M'malo mwake ndinamufotokozera za masipuling'i.

Tinagula zipatso. Bwenzi titabwerera. Koma ine ndinati tipitirire njira ya ku dzenje la Chingwe, aone kumene ya ku Joni singaponde. Matope ofiira, mvula ikuwaza. Pa chitunda china, galimoto inadumpha, pansi n'kumveka gwaa! Kenako gugudugugudu. Injini ikulira, matayala ali chete.

Shafiti yagwa. Galimoto inatalika, shafiti inatsala ndi msinkhu wake wakale, ndiye yasolokoka n'kupindika pamwala. Ili gone m'matope ngati fupa la ng'ombe. Matayala akutsogolo akanatikoka, koma amenewo anasiya kukoka chaka chatha. Ndimati ndikonza mwezi wamawa. Mwezi wamawa unapita ku chitamba.

Munira anaimba foni. Sindinafunse kuti kwa ndani.

Anabwera. Matope mpaka m'magalasi, pambali patakandika ndi nthambi. Sanadandaule n'komwe, galu ameneyu. Anatulutsa chitsulo chokokera, chatsopano, chili m'pepala lake. Anamanga. Kenako kutsegula chitseko chake: "Akazi anga, bwerani kuno kofunda."

Munira ali: "Pita iwe. Ndikhala momwe ndabwerera."

Tinatsika phiri lonse tikukokedwa. Ine ndagwira chiwongolero cha galimoto yosayenda yokha, maso pa nambala ya ku Joni. Mvula ikudontha pa bondo. Iye kireti ya sitiroberi pamiyendo, akusankha zophwanyika n'kumadya.

Tili pakati pa makona anayamba, osandiyang'ana. Amjomba ake, bambo ake a Hamza, akuti mwana wawo asabwerere ku Joni wopanda mkazi, ndipo palibe chifukwa chofunira kutali. Ayamba kale kulankhula ndi mayi ake. Akufuna yankho lake Lachisanu, akatuluka ku mzikiti.

"Ndiwauze chiyani, a Idi? Kuti pali munthu, kapena pali galimoto? Abiti Dzimbiri mwawagulira nsapato, mwawaikira mphuno, mwawapatsa bedi lanu. Ine mwandifunsapo chiyani?"

Ndipo ine, mwana wa mayi anga, amene ndinalemba mayeso a mbiri ya maufumu onse a m'chigawo chino n'kukhoza, ndinayankha kuti shafiti ija mwina ingawongoleke.

Tinafika ku Chikanda. Anatsika yekha pa sitepe. Yagwira bwino ntchito yake.

Lachiwiri, 26 Novembala

Singawongoleke. Che Latif aiponya pa Malemu. Ya Malemu inatengedwa kalekale ndi munthu wa ku Jali.

Kusukulu pa kabaza. Wakabaza wake yemwe uja wa chimbudzi. Sananene kanthu, amangoimba nyimbo.

Hamza wakana ya mafuta okokera. Akuti pachibale sitilipitsana. Chibale chake chiti? Akudziwa chiyani chimene ine sindikudziwa? Ndamuganizira usana wonse: akudya kwa mayi ake a Munira, akusamba m'manja m'beseni lomwe ine ndimangoliona pakhonde. Ku Joni akamugulira firiji ya jamu. Sitiroberi za m'sitolo, zazikulu, zopanda kukoma.

Foni ya Munira, ndalemba, ndafufuta. Ndalemba, ndafufuta. Nkhani ngati iyi siyenda pafoni. Imayenda ndi amjomba, kupita kwa amjomba. Ndipo amjomba ake ndi bambo a mdani wanga. Kukapempha munthu kuti amane mwana wake, apatse mphunzitsi wogona pansi. Amene anakonza mwambo umenewu analibe msuweni wa ku Joni.

Lachisanu, 29 Novembala

Che Latif afika m'mawa atavala ovolosi, akupuma mwa befu. Shafiti yapezeka ku Liwonde, pa pikapu yomwe inagunda mlatho. Yautali wake, yotchipa. Koma pali wina akuifuna, tikapanda kupita lero ipita. Minibasi ili pa depoti.

Ndinayang'ana Abiti Dzimbiri. Ataliatali pabwalo, chitamba m'mwamba, masamba a mango atagwera kumbuyo. Shafiti yotere siipezeka kawiri.

Ndawauza akavule ovolosi. Avale mkanjo ndi mzuli, asambe m'manja ndi sopo weniweni, osati dizilo. Tikatuluka ku mzikiti tikupita ku Chikanda, ndipo wokalankhula ndi amjomba ake a Munira ndi iwowo. Asakatchule masipuling'i.

Che Latif ali: "Nanga akatifunsa kuti mwana wathu mudzamunyamula pa chiyani?"

Ndati adzayenda nane wapansi mpaka mwezi wamawa.

Munira ndamutumizira mawu atatu: "Pali munthu. Akubwera." Sanayankhebe. Zikuonetsa kuti wawerenga.

Malaya oyera ali ndi kadontho ka girisi pa kolala, ndabisa mkati. Chala chidakali chakuda. Akabaza awiri ndawaitana, wa chimbudzi uja ndi mnzake. Akuti kwawo kwa Munira kwaima kale galimoto yoyera, yotsukidwa, ndipo... Che Latif afika ndi mkanjo wawo, tikupita.